Ndani Anadula Tsamba la Z?

Tiyamike anali mtsikana wa ku Chileka. Anali mu Sitandade 5. Ankakonda mawu atsopano. Ankafuna kuwadziwa onse.

Lachisanu lina, aphunzitsi a Justus anagawa timapepala. Mwana aliyense analandira kake. Pa kapepala kalikonse panali mawu atatu a Chingerezi.

"Lolemba mudzatiuze matanthauzo ake," anatero aphunzitsi. "Wobwera chimanjamanja adzaima chilili mpaka belu lilire."

Tiyamike anatsegula kapepala kake. Zephyr. Zenith. Zeal. Onse anali oyamba ndi Z. Onse anali achilendo.

"Wagwa nayo!" anaseka Lily, mnzake wa pa desiki.

"Sindikuopa," anatero Tiyamike. "Kwathu kuli dikishonale."

Dikishonaleyo inali ya ababa ake. Inkakhala pamwamba pa kabati. Inali yakale. Inali yonenepa.

Tiyamike anatsegula kumapeto. W analipo. X analipo. Y analipo. Koma Z panalibe!

Anayang'anitsitsa. Tsambalo silinang'ambike ayi. Linachita kudulidwa bwinobwino, ngati ndi lezala.

Amayi ake, a Elsie, ankatong'ola chimanga pakhonde.

"Amayi, ndani anadula tsamba la Z?"

Amayi anasiya kutong'ola. Anayang'ana kumbali. Anamwetulira.

"Kafunse eni ake buku," anatero.

Ababa ake, a Solomon, ankagwira ntchito yonyamula katundu ku bwalo la ndege. Madzulo anafika pa njinga yawo.

"Ababa, ndani anadula tsamba la Z?"

Ababa anatsokomola. Anayang'ana ndege kumwamba.

"Mwina ndi makoswe," anatero.

"Makoswe ali ndi lezala, ababa?"

Amayi anaseka mpaka chimanga chinatayika. Tiyamike sanaseke. Anadziwa kuti apa pali chinsinsi. Ndipo Lolemba linali pafupi.

Loweruka, Tiyamike ndi amayi anakwera minibasi. Anapita ku Lirangwe, kwawo kwa amayi. Kumeneko kunali amayi aang'ono, a Fyness. Iwo ankagulitsa tomato pamsika.

Amayi anapita kukagula sopo. Tiyamike anasendera pafupi ndi a Fyness. Ananong'ona.

"Amayi aang'ono, ndani anadula tsamba la Z?"

A Fyness anawomba m'manja.

"Iii, tsamba lija! Khala apa, mwana iwe. Tchera khutu."

Tiyamike anakhala pa kreti. Anatchera khutu.

"Kalekale ababa ako anali mnyamata," anayamba a Fyness. "Anawaona amayi ako pamsika pompano. Anawakonda. Koma pakamwa panauma. Ndiye analemba kalata."

"Kalata ya Chichewa?"

"Chichewa chiti? Nthawi imeneyo mnyamata ankafunsira ndi Chingerezi cha m'dikishonale. Anyamata ena ankatola mawu koyambirira kwa buku. Ababa ako anati ayi. Anapita kumapeto kwenikweni. Ankafuna mawu amene mnyamata wina sanawakhudzepo."

"Amayi anasangalala?"

"Anasangalala chiyani? Sanamve kanthu! Tinawerenga awiri. Tinatembenuza kalata uku ndi uku. Ine ndinati mwina ndi mayina a mankhwala. Amayi ako anaibweza. Analembapo mawu amodzi okha: sindikumva."

"Kenako?"

"Kenako kalata inabweranso. M'kati mwake munali tsamba lopindapinda."

"Tsamba la Z!" anafuula Tiyamike. "Nanga lili kuti?"

A Fyness anagwira pakamwa.

"Chimenecho si chinsinsi changa. Koma pali buku limodzi limene amayi ako sabwereketsa munthu."

M'minibasi, Tiyamike anaganiza. Anaganiza, anaganiza. Buku liti? Atafika pa Chileka, anakumbukira. Buku la nyimbo! Lija lokutidwa ndi nsalu yobiriwira.

Lamulungu anabwerako kutchalitchi. Onse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Buku la nyimbo linali pamiyendo pa amayi.

Tiyamike anagwada.

"Amayi, mawa ndi Lolemba. Chonde, ndingaone nawo kuseri kwa nsaluyo?"

Amayi anayang'ana ababa. Ababa anayang'ana amayi.

"Fyness uja ndi wailesi," anatero amayi.

Anakweza nsalu pang'onopang'ono. Anasolola kapepala. Kanali kofiirira ndi ukalamba. Kanali kopindidwa kanayi. Pamwamba pake panali Z wamkulu.

Mawu a Z ndi ochepa. Onse anakwana pa tsamba limodzi. Zephyr analipo. Zenith analipo. Zeal analiponso. Ena anali ndi mzere wofiira kunsi kwake.

"Ababa, ndiuzeni m'Chichewa," anatero Tiyamike.

Ababa anatsokomolanso. Koma lero kunalibe ndege yoti ayang'ane.

"Zephyr ndi kamphepo kayaziyazi," anatero. "Kaja kamakupeza utatopa ndi dzuwa."

"Munkanena ndani?"

"Funso limenelo aphunzitsi sanakupatse."

Amayi anabisa nkhope m'chitenje.

"Zenith ndi pamwamba penipeni," anapitiriza ababa. "Paja dzuwa limafika masana, likakhala paliwombo."

"Nanga zeal?"

"Limenelo ndiyankha ndine," anatero amayi. "Zeal ndi khama la mtima wonse. Ngati la munthu wopalasa njinga kuchoka ku Chileka mpaka ku Lirangwe. Loweruka lililonse. Ngakhale pa mvula."

Tiyamike analemba zonse m'kope mwake. Analemba mosamala.

"Tsopano tilimate m'dikishonale," anatero ababa.

"Ayi," anatero amayi. "Ili ndi langa. Munandipatsa."

Analipindanso kanayi. Analibwezera kuseri kwa nsalu.

Lolemba, Tiyamike anaima kutsogolo. Ananena zephyr. Ananena zenith. Ananena zeal. Sanaphonye ngakhale limodzi. Ana onse anawomba m'manja. Lily anawomba kuposa onse.

"Wazipeza kuti zonsezi?" anafunsa aphunzitsi.

"M'buku la nyimbo, aphunzitsi."

Aphunzitsi anakanda m'mutu. Tiyamike anangomwetulira.

Poweruka, dzuwa linali paliwombo. Kamphepo kayaziyazi kanadutsa m'minda ya chimanga. Tsopano Tiyamike ankadziwa dzina la kamphepoko. Anathamanga nako mpaka kunyumba.

Madzulo ababa anafika pa njinga. Tiyamike anawagwira dzanja. Anagwiranso dzanja la amayi.

"Zikomo amayi, chifukwa chosunga," anatero. "Zikomo ababa, chifukwa chodula."

"Ine?" anatero ababa. "Thokoza makoswe."

Onse atatu anaseka. Anaseka mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.