Amalume Sakuchita Nthabwala

Panali kamtsikana kena kakafupi. Onse ankangokatchula kuti Kamtedza. Kamtedza ankafuna thumba pa diresi yake. Thumba lalikulu, lolowa manja onse awiri.

Amalume ake anali telala. Analinso katswiri wa nthabwala. Ankapotoza milomo. Ankatsinzina diso limodzi. Ankadzigwetsa pa mpando, phi! Nyumba yonse inkafa nako kuseka.

Tsiku lina amalume ankamusokera thumbalo pakhonde. Makina ankalira kuti gwede gwede gwede. Kusukulu belu la masana linalira. Pomwepo makina anangoti zii. Lumo linagwa pansi.

“Amalume, mwagwetsa lumo,” anatero Kamtedza.

Amalume anayankha. Koma mawu anatuluka ngati phala. Mlomo unagwera mbali imodzi.

Amayi anasuzumira pazenera. Anaseka.

“Achimwene, mwayambatu! Ukalamba wonsewu?”

Abambo nawonso anaseka.

“Alamu, imeneyo ndiye yatsopano!”

Kamtedza sanaseke. Anayang’ana m’maso mwa amalume. Amalume akamachita nthabwala, maso awo ankavina. Lero maso sankavina. Lero maso ankaopa.

Kamtedza anati liwiro kupita kunyumba yoyandikana nayo. Anagogoda pa chitseko chobiriwira. Mmenemo munkakhala anamwino. Anatuluka ndi thovu la sopo m’manja.

“Bwerani msanga! Amalume sakuchita nthabwala!”

Anamwino anafika. Anagwada pafupi ndi mpando.

“Atelala, tamwetulirani.”

Mbali imodzi inamwetulira. Mbali ina inakana.

“Takwezani manja onse awiri.”

Dzanja limodzi linakwera. Dzanja lina linakana.

“Tanenani kuti, ‘Lero kwacha bwino.’”

Lilime nalonso linakana.

Kuseka kuja kunathawira kuseri kwa nyumba. Amayi anabwera ndi kapu ya madzi. Anamwino anawaletsa.

“Ayi, mayi, musawamwetse. Angatsamwe. Izi ndi zizindikiro za sitiroko. Magazi sakuyenda bwino mu ubongo. Kodi zayamba nthawi yanji?”

Amayi anayang’ana abambo. Abambo anakanda dazi lawo.

“Belu la masana litangolira,” anatero Kamtedza.

“Wachita bwino, mwanawe. Adokotala afunsa zomwezo. Bambo, itanani galimoto. Pompano!”

Abambo anathamanga. Patapata mmodzi anatsala pakhonde.

Kuchipatala adokotala anagwedeza mutu.

“Mwafulumira. Matendawa safuna kudikira.”

Tsiku loyamba amalume anangogona. Tsiku lachiwiri chala chinagwedera. Tsiku lachitatu banja lonse linazungulira bedi. Amalume anakodola Kamtedza. Milomo yawo inayamba kuyenda.

“Chete nonse!” anatero amayi. “Achimwene akufuna kuyankhula.”

Onse anatchera khutu. Abambo anavula chipewa. Amalume anatsina chovala chawo cha kuchipatala. Anachikweza pang’ono.

“Kamtedza,” anatero pang’onopang’ono. “Anasoka ichi ndani? Msoko wokhota chonchi!”

Mawu onse anamveka bwinobwino. Amayi anaseka mpaka misozi. Ulendo uno Kamtedza ndiye anaseka kuposa onse.