Loweruka la Maluwa

Anakumana m'sitolo ya mabuku. Mtsikanayo ankaluka tsitsi mu saluni ya mkulu wake, ndipo anali atagula kope loti azikonzeramo sabata yake, poti mayeso olowera sukulu ya unamwino anali pafupi. Ali mkati mojambula mizere pakauntala, mnyamata wolemba zikwangwani anasuzumira.

"Mizere yokhayokha ngati mawindo a ndende? Munthu wokongola chonchi? Tandibwerekani, achemwali."

Anasolola zolembera zamitundumitundu m'thumba. Posakhalitsa tsamba lonse linali maluwa, ndipo pa Loweruka panali mtima wofiira wodzaza bokosi lonse.

"Tsiku ili ndi langa, Nyenyezi. Usalembepo china."

Dzina loti Nyenyezilo anangomupatsa pomwepo. Ndani akanakana? Mtsikanayo anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe.

Sabata iliyonse mnyamatayo ankakongoletsa tsamba latsopano. Maluwa ankakula, malo olembapo ankachepa. Masamu anapanikizika pakona, sayansi inasowa pokhala.

"Kodi mayesowo udzalemba maluwa?" mkulu wake anamufunsa akupesa kasitomala.

"Inu ndi nsanje basi, akulu."

Koma Loweruka likafika, mnyamata osaoneka. Kumangobwera uthenga: "Pepa Nyenyezi yanga, ntchito yandigwira. Sabata yamawa ndine wako yense." Mtsikanayo ankakhala pakhonde atadzola, mabuku ali chitsekere, mpaka dzuwa kulowa.

Loweruka lina anatopa kudikira, napita kusitolo kuja kukagula inki. Pakauntala pomwe paja anapeza wokondedwa wake ataweramira kope la mtsikana wina, cholembera chofiira chili m'manja.

"Tsiku ili ndi langa, Nyenyezi. Usalembepo china."

Ngakhale dzina lomwe! Mtima unamuwawa koopsa. Anabwerera osagula kanthu, nakalira pamiyendo pa mkulu wake mpaka maso kutupa.

"Lira umalize," anatero mkuluyo, "ukatero utenge rula iyi."

Mtsikanayo anatsegula tsamba loyera. Mizere yowongoka, inki yakuda, tsiku lililonse ntchito yake. Pa Loweruka analemba mawu amodzi: masamu. Tsambalo silinali lokongola m'pang'ono pomwe, koma chilichonse chinakwanamo.

Tsiku lomwe zotsatira za mayeso zinatuluka, saluni yonse inalulutira. Mkulu wake anavina chipeso chili m'manja, kasitomala tsitsi lili theka. Madzulo ake mnyamata uja anatulukira pakhomo, zolembera zili m'thumba la malaya.

"Ndamva nkhani yabwino, Nyenyezi. Ndinalakwa, wokondedwa. Bweretsa kope ndikujambulire duwa lalikulu, Loweruka tikasangalale."

Mtsikanayo anatsegula kope mosafulumira, nayendetsa chala pamzere uliwonse kuyambira Lolemba. Pa Loweruka panalembedwa kale: kuyesa yunifolomu ya unamwino.

"Pepani achimwene," anatero akumwetulira, "sabata yanga yadzaza. Malo a maluwa palibe."

Anatseka kope, napita kukathandiza mkulu wake kumaliza tsitsi la kasitomala uja.