Chimbudzi Chomwe Chinaulula a Kamphinda

Ndikulumbira pali malemu amalume anga, zonse ndikunenazi n'zoona, wotsutsa akafunse ku Chilinde.

M'chaka cha 2088, a Kamphinda, katswiri wa bawo, anagula chimbudzi cholankhula chotchedwa Mpimamkodzo. Munthu akangotaya madzi, icho chinkapima n'kumuuza za m'thupi mwake. Tsiku lochimanga chinafunsa kuti matenda akagwa chidzauze yani. Poti ndi munthu wamwambo, anati ankhoswe, n'kuiwalako.

Anagwirizana nacho zedi. Ankachitchula kuti achimwene, n'kumachiuza ngakhale zomwe mayi a kunyumba sankazidziwa.

Ndiye tsiku lina m'mawa chinawauza mosapsatira kuti akubwera pafupipafupi, mkodzo ukungodontha ngati mpope wakutha, ndipo pokodza akuluma mano ndi kuotcha. Chinafunsa ngati m'chiuno ndi pansi pa mchombo mukuwawa. Anavomera monong'ona.

"Ndi timiyala, achimwene," chinatero. "Tili mu pulositeti, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Pitani kuchipatala."

"Zithere mommuno," anachonderera a Kamphinda. "Anzanga a pabawo akamva, ine ndatha."

Chimbudzi chinangoti zii, iwo n'kuyesa chavomera.

Loweruka bawo ili mkati, kunatera kabaza wouluka. Anatsika alamu awo a Chimtengo, ankhoswe a kuchikazi, atanyamula bulangete ndi fulasiki ya phala. Pamaso pa madoda onse anafunsa ngati miyala ija yatuluka, poti chimbudzi chinawaimbira foni ndipo mbumba yonse yauzidwa kale. Mnzawo wina anapempha kuti ikatuluka abwereke, nkhomo zosewerera zikuperewera. Anthu anaseka mpaka bawo kugudubuzika.

A Chimtengo anawatengera a Kamphinda kuchipatala tsiku lomwelo, loboti n'kuchotsa timiyala tija. Thupi linachira, koma pabawo dzina linasintha, anakhala a Miyala. Atafika kunyumba analowa m'chimbudzi n'kutseka chitseko.

"Iwe, ndinkakuyesa m'bale wanga."

"Munanena nokha kuti ankhoswe, achimwene."

Mpaka lero salankhulana. Madoda onse a pabawo, pomva zimenezi, anasiya zimbudzi zawo zanzeru n'kubwerera kuseri kwa mpanda. Akuti udzu ndiye bwenzi lenileni, chifukwa suulula za munthu ngakhale akutha ndi matenda.

Za kabaza wouluka zokhazo ndangowonjezera. A Chimtengo anabwera wapansi.