Nsapato za Zibiya Zakana Kutha

Zibiya ankafuna nsapato zatsopano. Ankafuna za zingwe zofiira.

Nsapato anali nazo, inde. Koma zinali zotuwa ngati bulu wokalamba. Poyamba ankavala ndi mlongo wake Yoramu. Yoramu asanavale, ankavala msuweni wawo. Msuweniyo asanavale, kaya ankavala ndani.

"Amayi, ndikufuna nsapato zatsopano," anatero Zibiya.

"Zakozo zikatha," anayankha amayi ake, akupera mana, chakudya chochokera kumwamba, pamphero.

"Zitha liti?"

"Zikatha."

Apa ndiye panali vuto. Ife Aisraeli tinali m'chipululu. Tinayenda, tinayenda, zaka ndi zaka. Koma Mulungu anatichitira chodabwitsa. Zovala zathu sizinkang'ambika. Nsapato zathu sizinkatha. Tiponde miyala, nsapato zili gwa. Tiponde minga, nsapato zili gwa.

Mukuganiza kuti tinkathokoza? Aa, ndiye kuti simutidziwa. Ife pa kudandaula tinali akatswiri. Uyu akulira anyezi a ku Ejipito. Uyo akulira nsomba. Winayo akulira mavwende. M'mawa mana, masana mana, madzulo kudandaula.

Koma katswiri wa akatswiri anali a Malikiya, bambo ake a Zibiya. Iwo anali osoka nsapato. Ku Ejipito ankasoka tsiku lonse. Kuno singano yawo inkangogona m'thumba.

Akakumana ndi munthu, sankamuyang'ana kumaso. Ankamuyang'ana kumapazi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Nanga nsapato zadzuka bwanji?"

"Zadzuka bwino. Zili gwa."

"Ha! Tsoka langa ine!" ankatero a Malikiya, atagwira mutu.

Tsiku lina amayi anapita kukatunga madzi. Zibiya anavula nsapato zake. Anaziyang'ana ndi diso loipa.

"Lero mutha basi," anaziuza.

Anapeza mwala waukulu. Anayamba kukwecha. Kwe! Kwe! Kwe! Anakwecha mpaka manja anawawa. Mwala unasalala. Nsapato zili gwa.

Anazipereka kwa mbuzi. Mbuzi imeneyi inkadya chilichonse. Inadyapo dengu. Inadyapo mpango wa amayi. Inatafuna, inatafuna, inatafunanso. Kenako inalavula. "Meee!" Inachoka itakwiya. Nsapato zili gwa.

"Iwe Zibiya! Ukutani?"

Anali bambo ake. Zibiya anadzidzimuka. Anaopa.

"Ndikufuna zithe, ababa," anayankha chapansipansi.

A Malikiya anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako ananjuta pafupi naye.

"Sachita choncho, mwanawe," ananong'ona. "Patse kuno. Ntchito imeneyi ili ndi eni ake."

Anatulutsa mpeni wawo. Anacheka, anacheka. Mpeni unabuntha. Nsapato zili gwa.

Anatenga chingwe. Anamanga nsapato ku chikhomo cha tenti. Mbali inayo anamanga kwa bulu.

"Koka, bulu iwe! Koka!"

Bulu anakoka. Chikhomo chinazuka. Tenti yonse inagwa, khuu! M'katimo munali Yoramu, ali mtulo.

"Mayo! Aejipito abwera!" anakuwa Yoramu, akukwawa kutuluka.

Nsapato zili gwa.

Anadzutsa tenti msangamsanga. A Malikiya anapukuta thukuta. Anaganiza. Kenako anamwetulira.

"Zikakana kutha, zitayike," anatero. "Ndili ndi kachikopa m'thumba. Mawa ndikusokera zatsopano."

"Nanga amayi akafunsa?"

"Udzati zatayika."

"Koma sizinatayike, ababa."

"Mphepo ikawomba, udzadziwa pamene zili?"

"Ayi."

"Ndiye kutayikako."

Anapita kuseri kwa msasa. Anakumba dzenje mumchenga. Anakwirira nsapato. Zibiya anavina pamwamba pake. Bambo akenso anavinako pang'ono.

Koma onse awiri anaiwala mtambo.

Pamwamba pa msasa wathu pankakhala mtambo wa Mulungu. Mtambo ukaima, ifenso tinkaima. Mtambo ukanyamuka, ifenso tinkanyamuka. Sunkafunsa ngati mwakonzeka.

Kutacha, a Malikiya anatulutsa kachikopa. Anatulutsa singano. Anali akulowetsa ulusi kumene.

Pepepeee! Lipenga linalira.

"Mtambo wanyamuka! Mtambo wanyamuka!" anthu anafuula.

Zibiya anathamangira kuseri kwa msasa. Mphepo inali itawomba usiku. Mchenga wonse unali wofanana. Anakumba apa. Palibe. Anakumba apo. Palibe. Anabwerera chimanjamanja.

"Nsapato zili kuti?" anafunsa amayi.

Zibiya anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana mtambo.

"Zatayika," anatero Zibiya.

"Oho," anatero amayi. "Tiyeni."

Ulendo unayamba. Dzuwa linakwera. Mchenga unayamba kutentha. Unatentha ngati chiwaya cha pamoto.

Zibiya anadumpha. Anadumphanso. Anayenda ndi zala. Anayenda ndi zidendene. Paliponse panali potentha. Kenako anaponda munga.

"Mayo ine! Phazi langa!"

Anakhala pansi. Pansiponso panali potentha. Anadzuka msanga. Anayamba kulira.

Bulu anali ndi katundu wambiri. Amayi anali atasenza mphero. Bambo anali atanyamula mitengo ya tenti. Panalibe womubereka.

A Malikiya anaima. Anazula munga uja. Anavula nsapato zawo. Anamuveka Zibiya, n'kumanga zingwe zolimba.

"Nanga inu, ababa?"

"Yenda, mwanawe. Mtambo sudikira."

Nsapatozo zinali zazikulu. Zibiya ankayenda phwa, phwa, phwa. Pambuyo pake bambo ake ankadumpha. Mwendo uwu m'mwamba. Mwendo uwo m'mwamba. Mitengo ili paphewa, gobede, gobede.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani! Wosoka nsapato alibe nsapato!"

"A Malikiya, gule ameneyu munaphunzira kuti?"

"Vinani, achimwene, ife tiwombe m'manja!"

A Malikiya anangopitiriza kudumpha. Sanadandaule n'komwe. Tsiku lonse sanatchule Ejipito. Zibiya anali asanawaonepo ali chete chonchi. Anachita mantha, ndipo anawamvera chisoni.

Madzulo mtambo unaima. Anthu anamanga matenti. A Malikiya anakhala pansi, n'kutambasula miyendo. Mapazi awo anali matuza okhaokha.

Zibiya anatenga madzi m'mbale. Anagwada. Anasambitsa mapazi a bambo ake pang'onopang'ono. Misozi yake inagwera m'mbalemo.

"Amayi," anatero. "Ndinanama. Nsapato sizinatayike. Tinakwirira."

"Nzeru inali yanga, mayi a Yoramu," anatero a Malikiya. "Mwanayu musamukalipire yekha."

"Ndinadziwa," anayankha amayi. "Yoramu anakuonani mukukwirira. Mumayesa amasunga chinsinsi? Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Koma ine ndimayesa mwana ndi mmodzi. Sindimadziwa kuti winayo ali ndi ndevu."

Yoramu anaseka. A Malikiya anakanda ndevu zawo.

"Anthu ena akupempha madzi," anapitiriza amayi, akupaka mafuta pamatuza. "Ena akupempha nyama. Inu mwapatsidwa nsapato zosatha. Ndiye mwati tikwirire!"

"Pepani, amayi," anatero Zibiya. "Nanga mawa mtambo ukanyamukanso? Ababa ayenda bwanji? Ine ndivala chiyani?"

A Malikiya anayang'ana matuza awo. Kusoka nsapato si ntchito ya madzulo amodzi.

Pomwepo kunja kunamveka mawu.

"Odi kuno! Zotayika! Zotayika! Bwerani mudzaone zanu!"

Anali mayi wa fuko la Dani. Anthu a Dani ankayenda pambuyo pa aliyense. Ankatola zonse zimene anzawo agwetsa. Mayiyo anali ndi thumba lalikulu kumsana.

"Chipande ichi n'cha yani? Chikho ichi n'cha yani? Mwana wa nkhosa uyu ngwa yani? Inu anthu inu, tsiku lina mudzagwetsa mitu!"

Kenako anapisanso m'thumba.

"Nanga zonyansa izi n'za yani?"

"Zanga! Zanga!" anakuwa Zibiya. "Si zonyansa ayi!"

"Ng'ombe yanga ndiyo yazifukula," anatero mayiyo. "Zapondedwa ndi anthu. Zapondedwa ndi ng'ombe. Ngolo yadutsapo. Koma taonani!"

Nsapato zili gwa.

Zibiya anazikumbatira. Anazipukuta mchenga. Anazivala. Zinamukwana bwinobwino. Mapazi ake anasangalala.

"Zikomo, amayi a kwa Dani! Zikomo, Mulungu!"

A Malikiya anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Wosoka wakumwambayu wandiposa," anatero. "Sindilimbana nayenso. Koma mayi a Yoramu, mulibe kaulusi kofiira?"

Amayi anali nako. A Malikiya anatenga singano. Anasoka timaluwa tofiira pa zingwe za nsapato. Duwa apa, duwa apo. Zala zawo zinali zisanaiwale. Ankasoka akuimba.

Kutacha, mtambo sunanyamuke. Zibiya anatuluka panja. Anayenda pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

"Eee! Zibiya, nsapato zatsopano?" anafunsa anzake.

"Ayi, n'zomwe zija. Ababa ndiwo akongoletsa."

Ana onse anathamanga. Anakafika pa tenti ya a Malikiya, nsapato zili m'manja.

"Ine ndikufuna maluwa!"

"Ine ndikufuna mbalame!"

"Ine mkango!"

Amayi awonso anabwera. Ngakhale aja ankaseka dzulo anabwera, akuyang'ana pansi. Mzere unatalika mpaka kwa Dani.

A Malikiya anasoka m'mawa. Anasoka masana. Anasoka mpaka dzuwa linapendeka. Zibiya ankawalowetsera ulusi. Yoramu ankakonza mzere.

Madzulo amayi anabweretsa mikate ya mana. Onse anakhala pamodzi. Zibiya anatsamira bambo ake. Anali wokondwa kwambiri.

"Ababa, lero mwasangalala, eti?"

A Malikiya anatambasula msana. Anayang'ana mulu wa nsapato umene unatsala. Anausa moyo.

"Ha! Ntchito yonseyi ndekha? Anthu awa andipha! Ku Ejipito ndinkapumako ine!"

Amayi anatenga mkate waukulu. Anawatseka nawo pakamwa.

Zibiya anaseka mpaka anagwa chagada, miyendo m'mwamba.