Wowerenga Ana ku Nyumba ya Uzimba

Gundula anaweruka mochedwa kuchipatala tsiku limenelo, ndipo basi yomaliza yobwera kumudzi kwathu inamusiya akuiona ndi maso. Dalaivala wake timamudziwa tonse, sangakudikire ngakhale utakhala mayi ake omubala. Mtima wa Gundula unali pa munthu mmodzi: bambo ake, a Volkmar, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu imene mutu unali utayamba kusokonekera. Mayi woyandikana nawo nyumba ankawayang'anira mpaka naini koloko basi, kenako nkukagona. Kawiri konse nkhalambayo inali itatulukapo usiku ndi zovala zogonera zokha. Ndiye chisanu cha Januwale kuno, chimene chimaumitsa madzi kukhala ngati mwala, sichifunsa kuti ndiwe yani. Ola limodzi panja, munthu wotero ndi maliro.

Anayesa foni, koma m'chigwa muja foni ndi mwala chabe. Anakulunga mpango m'khosi nkulowa njira yachidule ya m'nkhalango, yodzera ku Nyumba ya Uzimba.

Nyumbayo anaimanga kalonga wina zaka mazana atatu zapitazo kuti azigonamo ndi alendo ake akabwera kudzapha nswala ndi nguluwe. Kuyambira pamenepo yakhala ikusintha eni ngati jekete ya pabanja losauka. Asilikali ovulala anagonekedwamo. Amayi anaombamo nsalu mpaka mwini fakitale atagwa. Itatha nkhondo yaikulu munadzaza ana amasiye, ndipo mmodzi wa iwo anali a Volkmar, ali kamwana ka zaka zisanu. Boma lakale, limene pambuyo pake linagwa, linasungamo feteleza, tangoganizani, feteleza pansi pa denga lojambulidwa angelo. Lero mazenera ake ndi okhomedwa matabwa, ndipo masana omwe anthu amadutsapo mofulumira.

Chipale chofewa, chija choyera chimagwa ngati ufa m'nyengo yozizira, chinali chitangoleka kugwa. Nkhalango inali zii. Atafika pa mphambano pomwe njira ya kumudzi imasiyana ndi yopita kunyumba ija, tochi yake inawalira kanthambi ka paini kali pakati pa njira, pamwamba pa chipale. Kanali kothyola ndi manja, kosendedwa khungwa mbali imodzi. Mwana aliyense wa kuno amakadziwa. Mlenje akamalondola nyama yovulala amasiya tinthambi totere kuti anzake amutsate, kothyokako kukuloza komwe nyama yalowera. Bambo ake ndiwo anamuphunzitsa ali mtsikana.

Kameneka kankaloza ku Nyumba ya Uzimba.

Gundula anatsonya. Ndani angasake usiku ngati uno? Iye anali ndi wake womudera nkhawa. Anakalumpha nkuyenda mapazi khumi cha kumudzi. Kena kanthambi! Kankaloza kumbuyo komwe ankachokera. Anakatola. Utomoni unali wauwisi, ukumata zala. Anawalitsa tochi uku ndi uku... panalibe phazi la munthu ndi limodzi lomwe, kupatula ake.

Anayang'ananso komwe kankaloza. Anabwerera.

Kachitatu. Kachinayi. Kachisanu kanali pageti penipeni, ndipo pambali pake panaima mwamuna wamtali wa ndevu zaimvi, atavala chijasi chobiriwira cha alonda a nkhalango akale. Pachipewa chake panali kanthambi kozika kumanzere. Alenje athu amazika kumanja akapha nyama. Kumanzere nkwa pamaliro pokha. Mantha amayankhulitsa munthu zopanda mutu, choncho Gundula, mmalo mopereka moni, anangoti:

"Agogo, kanthambiko mwazika kolakwika."

"Anandizikira ndi anzanga, mayi. Sindinakasunthe," anayankha mwamunayo mofatsa. "Mwachedwa. Ndawerenga kawiri, akwanira. Koma mmodziyu ali ndi kwawo."

Anatembenuka nkuyamba kuyenda. Gundula anafuna kuthawa, koma miyendo inatsata yokha.

Apo ndi pomwe anaona kuti matabwa a m'mazenera palibe. Nyumba yonse inali ngwee. Pazenera loyamba makandulo mazanamazana, amuna a zipewa za nthenga akukweza zikho zasiliva, nswala zitandandalikidwa pansi, iliyonse ili ndi kanthambi kukamwa. Malipenga anali pamilomo koma osamveka. Pachiwiri... udzu woyala pansi, anyamata opanda miyendo, mzimayi akuwamwetsa madzi ndi chikho chomwechija cha siliva. Pachitatu amayi ataweramira makina oombera nsalu, wina akuyamwitsa uku akupondaponda. Palibe anamuyang'ana. Aliyense anali pa zake, zaka zake, m'nyumba imodzimodzi, osasokonezana.

Mantha anamuthera. Chinatsala ndi kanthu kena kolemera pachifuwa, konga kamene munthu amamva akalowa m'tchalitchi muli anthu akupemphera. Misozi inangotsika yokha. Zaka zonsezi ankadutsa pano akuyesa bwinja, osadziwa kuti ndi nyumba yodzaza chotere.

Mwamuna uja anakankha chitseko cha kumapeto. Timabedi tachitsulo mizere iwiri, timitu tometedwa, tonse tili m'tulo. Anayenda pakati akukhudza phazi la bedi lililonse ndi chala, milomo ikugwedera. Pabedi lomaliza, pafupi ndi mbaula yaikulu ya njerwa yotenthetsera chipinda, anaima. Anavula chipewa.

Tochi inathima.

Mdima wa ndiweyani. Fungo la feteleza. Mphepo ikulira m'matabwa. Gundula anaigwedeza tochi, anaimenya pachikhatho, kenaka inayaka. Chipinda chinali mbee, pansi pali fumbi ndi zitosi za nkhunda. Koma pakona...

"Ababa!"

A Volkmar anali khale pansi, atatsamira mbaula ija, ali ndi zovala zogonera ndi nkhwaira, afunditsidwa nthambi za paini mpaka m'khosi. Gundula anawagwira manja, ofunda. Mapazi, ofunda. Anakhudza mbaula. Inali yotentha ngati yasonkhedwa tsiku lonse. Anatsegula kachitseko kake, napeza chisa chakale cha mbewa ndi kangaude. Mbaula imeneyo inasiya kuona moto iye asanabadwe.

Anavula jekete nkuwaveka, uku akuwakalipira monga momwe timakalipira anthu amene tatsala pang'ono kuwataya. Anawafunsa kuti afika bwanji kuno, mtunda wonsewu, nanga munthu wa chijasi uja walowera kuti. Nkhalambayo inamuyang'ana ndi maso owala, odziwa bwino lomwe kuti akuyankhula ndi ndani.

"Ameneuja ndi a Traugott, mlonda wa nkhalango. Ndi amene anatinyamula pangolo kuchokera kusiteshoni, ana makumi anayi ndi awiri. Usiku uliwonse ankatiwerenga. Akasowa mmodzi, sankagona."

"Ndiye ali kuti tsopano, Ababa?"

"Iwe Gundula, ukufunsa ngati mlendo bwanji? Anamwalira ine ndili ndi zaka khumi. Mtengo unawagwera. Tonse tinaimba pamanda pawo."

Gundula anawadzutsa pang'onopang'ono nkuwakoleka mkono paphewa lake. Atafika pakhomo, a Volkmar anacheuka kuyang'ana chipinda chopanda kanthu chija, nkuweramitsa mutu ngati mwana wasukulu.

"Anzanga onse afika kale, makumi anayi ndi mmodzi. Ndinabwera kuti chiwerengero chikwane, a Traugott apumule," anatero. "Koma andikaniza bedi. Akuti iwo adikirabe, sanatope. Akuti ndiyambe ndakutsanzika bwinobwino, mwana wanga, usadzandipeze panjira."