Lona pa Thanki Yachitatu

Inspekita adafika pamalo oyeretsera madzi nthawi ili 7:20 m'mawa. Mtembo wa Dokotala, mayi woyeza madzi, udali chafufumimba pambali pa thanki yachitatu, bala lili kunkhongo. Thankiyo idali yosavundikira, ndipo pansi pake padayalidwa mbale zoyera.

"Mbalezi n'zachiyani?" adafunsa Inspekita.

"Zidapakidwa ufa wapadera," adayankha manijala. "Dzuwa likauwomba, umapha tizilombo tomwe timakana mankhwala. Komabe mwezi uno ana asanu amwalira kudera lomwe limamwa madziwa. Malemuwa ankafufuza chifukwa chake."

Inspekita adasuzumira m'thankimo. Madzi adali mbee, osagwedezeka.

Pofika 9 koloko, mwamuna wa malemu adali m'chipinda chofunsira mafunso.

"Anthu akuti mudakangana dzulo."

"Tidakanganadi, bwana. Ndidamuuza kuti akakwatiwe ndi thanki yakeyo. Koma m'mawa wonse ndinali pamzere kuchipatala, kuchotsa dzino."

Adayasamula. Mpata wa magazi udamuikira umboni, ndipo namwino adavomereza pafoni.

Nthawi ya 11:30 Inspekita adalowa mu labotale. Pashelefu padali timbale tagalasi toyezera madzi, tolembedwa masiku. Tambiri tidali toyera, koma tinayi tidadzaza mawanga achikasu a tizilombo. Tonse tinayi tidali ta Lamulungu. Ndandanda ya antchito idaonetsa kuti Lamulungu pamakhala munthu mmodzi yekha: mkulu wa mapampu, yemwe onse ankamutcha Madala. Inspekita adabwerera kuthanki. M'mphepete mwake adapeza misomali yatsopano, ulusi wa lona utakola pamitu yake.

Pa 2:15 masana, adaika tambula ya madzi patsogolo pa Madala.

"Imwani, Madala."

"Ndilibe ludzu."

"Milomo yauma chonchi? Chabwino. Lona mwabisa kuti?"

Madala adayang'anitsitsa tambulayo nthawi yaitali, kenaka adaikankhira kutali.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwana wanga, lamulo lidali limodzi: madzi akumwa sasiyidwa poyera. Fumbi, zitosi za mbalame, makoswe. Ndinkati ophunzirawa mabuku awasokoneza mitu. Ndiye Lamulungu ndikatsala ndekha, ndinkavundikira."

"N'kutseka dzuwa."

"Sindinkadziwa! Dokotala wandiuza lero m'mawa, kuti tizilombo tinkadutsa tamoyo. Amvekere alemba lipoti. Ndidagwada, ine munthu waimvi, koma iye adati ana enawo ayenera kupulumuka."

"Mumaopa kuchotsedwa ntchito?"

"Ntchito?" Madala adaseka kuseka kopanda mawu. "Mwa ana asanu aja, wachitatu ndi mdzukulu wanga. Bokosi lake ndidanyamula ndekha, lidali lopepuka ngati mulibe kanthu. Ndikatsegula mpope ndimamva akutsokomola. Mayi wake, mwana wanga wamkazi, amati ine ndi amene ndamutsalira. Akanamva bwanji? Dokotala atangotembenuka, ndidatola sipanala."

Inspekita adaimbira foni manijala kuti atseke madzi onse a thankiyo mpaka ayezedwenso. Asanaike foniyo pansi, wapolisi wapachitseko adagogoda.

"Bwana, kwabwera mayi wina ndi chakudya. Akuti abambo awo sanadye chiyambire m'mawa, ndipo akufunsa kuti alakwanji."

Madala adagwira mkono wa Inspekita ndi manja onse awiri.

"Musatsegule kaye," adanong'ona. "Ndikhaleko bambo wake pang'ono pokha."