Chikho cha Ulusi Wofiira

Vanina anakumana ndi Leandro pamalo okwerera basi, kunja kwa chipatala cha khansa mumzinda wa Neuquén. Tsikulo anali atangochoka pa diripi. M'kamwa munkamveka ngati wanyambita chitsulo, ndipo kumutu anali atamanga mpango wobisa dazi. Anakhala pabenchi n'kutsinzina.

"Achemwali, landirani."

Atatsegula maso anaona mwamuna wandevu zosapesa, fulasiki ili kukhwapa, akumupatsa chikho cha yeriba, tiyi wowawa wa kuno, chokhala ndi kampope kachitsulo koyamwira. Kwathu kuno chikho chimakhala chimodzi, kampope kamodzi, ndipo chimayenda m'manja mwa aliyense amene wakhala pafupi, kaya mumadziwana kaya ayi.

"Zikomo," anatero Vanina, osalandira.

"Zikomo musanalawe n'komwe? Zikomo timanena tikakhuta, tikafuna asatipatsenso. Munakulira kuti inu?"

"Konkuno. Adokotala anandiletsa kumwera chikho chimodzi ndi anthu. Akuti asilikali a m'thupi mwanga anatha, chimfine chokha chingandigoneke m'chipatala."

Leandro anagwedeza mutu, nakhala pambali pake. Mabasi ankabwera n'kupita, iye osakwera. Vanina sanafunse chifukwa chake.

Pa diripi yotsatira anamupeza pomwepo. Ulendo uno Leandro anali ndi zikho ziwiri. Chimodzi chinali chatsopano, chomangidwa ulusi wofiira m'khosi.

"Ichi ndi chanu nokha. Ulusiwu ndi woti ngakhale mumdima ndisasokoneze."

Kuyambira pomwe anadwala, abale ake ankamudumpha chikho chikamayenda, ena mwamanyazi, ena osazindikira n'komwe. Vanina anayamwa yeribayo misozi ikulengeza. Inali yowawa ndithu, koma inali yake.

Usiku umenewo foni inalira. Anali Leandro.

"Wafika bwino, kadazi kanga?"

"Kadazi ndi ndani? Ulibe ulemu iwe."

"Kadazi kokongola kuposa onse ovala tsitsi m'Neuquén muno. Gona, mtima wanga. Ine ndikhala maso m'malo mwako."

Mawu otere satenga nthawi kumera mwa munthu wodwala. Pofika nthawi imene mankhwala ankatha, awiriwa anali akuitanana iwe.

Kuseri kwa nyumba ya malemu bambo ake a Vanina kunali kalavani yakale, kanyumba ka matayala, ndi pikapu yoikokera, zonse zitayamba dzimbiri. Leandro, amene ntchito yake inali yokazinga churo, timandasi tatitali ta shuga, n'kumagulitsa kwa anthu obwera kudzasambira kunyanja, anaziona kamodzi basi, maso n'kuwala.

"Tiye tichoke, duwa langa. Wanunkhiza mankhwala mokwanira. Ukachirire komwe kuli mphepo."

"Nanga ndikakafooka panjira?"

"Ndikunyamula. Ndipo mvera lonjezo langa. Tsiku lomwe adokotala adzanene kuti wachira, tidzamwera chikho chimodzi, iwe ndi ine. Tsiku lomwelo ndidzakufunsira ukwati."

Vanina analisunga lonjezolo momwe munthu amasungira machesi nthawi yamvula.

Kuchira m'kalavani si nkhani yokoma monga amaionera odutsa pamsewu. Mphepo ya ku Patagonia, dera limene ankayendamo, inkagwedeza kanyumbako usiku wonse. Madzi a m'thanki ankatha munthu ali ndi sopo kumaso. Zala za Vanina zinali zadzanzi, moti mabatani a malaya ankamukanika, ndipo mkono wa mbali imene anamuchotsa bere sunkakwera kupitirira phewa. M'mawa uliwonse ankaima moyang'ana khoma la kalavani, n'kumakwawitsa zala pang'onopang'ono kulowera kudenga.

Leandro ndiye ankamumanga mabatani. Ankamuphikira msuzi wa dzungu, kumupaka mafuta pachipsera, kumufunditsa. Madzulo ankakhala pakhomo, zikho ziwiri zili pakati pawo.

"Nthiti yanga, usadzuke. Ndilipo ine."

Koma thupi silifunsa chilolezo likafuna kubwerera. Nsidze zinamera. Tsitsi linatuluka lopotanapotana, losiyana ndi lakale. Tsiku lina zala zija zinakhudza denga, ndipo Vanina anafuula kuitana Leandro kuti adzaone.

"Wakhoza," anatero Leandro, nabwerera kukakanda ufa wake.

Vanina anaphunzira kulumikiza kalavani ku pikapu, kenako kuibweza cham'mbuyo osagunda mtengo. Tsiku lomwe ananyamula yekha botolo la gasi kuchokera kugolosale, anafika akuwefuka, akuseka. Leandro sanaseke.

"Bwanji sunandiitane?"

"Ndimafuna ndione ngati ndingathe."

"Chabwino. Waona."

Mayina okoma anayamba kuchepa ngati shuga kumapeto kwa mwezi. Vanina ankadziuza kuti mwamunayo watopa. Ndani sangatope kusamalira wodwala chaka chathunthu?

Ku Las Grutas, tauni ya m'mbali mwa nyanja, anaimika kalavani pafupi ndi ya mayi Hortensia, mayi wamasiye amene ankabwera kumeneko chilimwe chilichonse ndi agalu ake awiri. Mayiyu anali wa pakamwa posatseka. Masana ena Leandro ali kugombe ndi churo wake, mayiyo anabwera kudzapempha mchere, naona chikho cha ulusi wofiira patebulo.

"Iih, ulusi uja udakalipo! Ndiye iwe ndiwe wina, eti? Ndimati ndiwe yemwe uja, kungoti wanenepa."

"Yemwe uja ndani, amayi?"

"Wa chilimwe cha chaka cha dzana. Nayenso anali wa mpango kumutu, wowonda ngati bango. Mnyamatayu ankamudyetsa ndi supuni, ife tonse kusirira."

Vanina anafunsa msanga: "Anamwalira?"

"Kumwalira? Anachira bwinobwino, mwanawe. Amandilembera mpaka lero. Ali ndi shopu ya nsapato ku Viedma." Mayi Hortensia anayang'ana mcherewo m'dzanja lake, nazindikira kuti walankhula zambiri. "Koma za eni ake ine sindidziwa."

Madzulo Vanina anafunsa. Leandro sanakwiye, sanazengereze.

"Anali msuweni wanga. Mayi amenewo ubongo wawo unadyedwa ndi agalu awo. Ukukayika ine, wapamtima? Ine amene ndinakugwirira beseni ukusanza?"

Zinali zoona, anamugwiriradi beseni. Vanina anachita manyazi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiponso dzina loti wapamtima anali atalisowa, ndiye analilandira osaliyang'ana kawiri.

Chilimwe chitatha anabwerera ku Neuquén kukayezetsa komaliza. Zoyezazo zinatenga masabata angapo, kalavani ili pamalo oimikapo m'mbali mwa mtsinje. Leandro ankachoka m'mawa, akuti kukafuna ganyu. Ndipo chodabwitsa, anayambanso kuimba likhweru, kumeta ndevu, kudzola mafuta onunkhira. Vanina anaganiza kuti akukonzekera lonjezo lija, ndipo anasangalala mwakachetechete.

Tsiku lokamva zotsatira, Vanina ndiye anayendetsa pikapu, naiimika kuseri kwa chipatala. Leandro anamupsompsona pachipumi.

"Pamzere pamenepo uchedwa. Ine ndipite ndikafufuze gasi wotsika mtengo, ndikupeza masana."

Koma mzere unali waufupi. Adokotala, mayi wa magalasi okhuthala, anayang'ana zithunzi ndi magazi, kenako anavula magalasiwo.

"Palibe kanthu, Vanina. Tidzakuonaninso miyezi isanu ndi umodzi ikatha."

"Nanga chikho, adokotala? Ndingamwere ndi anthu?"

Adokotala anaseka. "Mudakamwerabe panokha? Ndinakulolani kale, pa kuyeza kwa chaka chatha. Ndinauza amuna anu pakhonde, inu mukuvala."

Vanina anatuluka miyendo ili yopepuka, mutu uli wolemera. Bwanji sanamuuze? Mwina ankafuna atsimikize. Mwina ankadikira tsiku lalikulu ngati leroli. Anatulutsa foni ali pakhomo lalikulu la chipatala.

"Ndachira!!! Uli kuti? Bwera ndi chikho chako."

Yankho linabwera msanga. "Ndili pamzere wa gasi, anthu ngambiri. Tilankhula kunyumba."

Atakweza maso, anamuona. Leandro anali pabenchi ija tsidya lina la msewu, akubweza foni m'thumba. Fulasiki inali kukhwapa. Pambali pake panakhala mtsikana wotumbuluka, wa mpango wachikasu, wopanda nsidze. M'manja mwa mtsikanayo munali chikho chatsopano, ndipo ngakhale pataliko ulusi wake unkaoneka.

Vanina sanakomoke, sanakuwe. Zinamupweteka, inde, kupweteka kosiyana ndi kwa mpeni wa adokotala, chifukwa uku kunalibe woti n'kumubaya jekeseni. Anamvetsa zonse nthawi imodzi. Mwamunayu sananame kuti amamukonda, koma ankakonda Vanina wosatha kumanga mabatani, ndipo Vanina ameneyo anali atapita.

Anadikira magalimoto adutse, nawoloka.

"Kadazi kanga, imwa pang'onopang'ono, ndi kotentha," Leandro anali akuuza mtsikanayo. Kenako anaona nsapato zimene ankazidziwa.

"Vanina... uyu ndi..."

"Msuweni wako. Ndamuona." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Mwaswera bwanji, achemwali? Diripi yachingati?"

"Yachitatu," anayankha mtsikanayo mwamantha.

"Yachinayi ndi imene imavuta, koma imatha. M'kamwa mukatuluka zilonda muzichukucha ndi madzi a soda. Tsitsi limabwerera, onani langali. Ndipo mukadzayamba kuchira, makiyi anu muzisunga nokha."

Atatero anatambasula dzanja kwa Leandro.

"Ndithirire. M'chikho chako. Adokotala akuti anakuuza kalekale."

Leandro anathira madzi, ena n'kutayikira pa buluku. Vanina analandira chikho chopanda ulusi, chakale, chakuda m'kamwa mwake. Anaika kampopeko pamilomo n'kuyamwa osafulumira, maso ali pa iye, mpaka pansi panalira kuti fwoo. Chaka chathunthu anadikira kukoma kumeneku. Inali yeriba wamba, yozizira kale, yosukuluka.

"Mtima wanga, tiye tikakambirane kunyumba."

Vanina anamubwezera chikhocho m'manja bwinobwino, kampope kataloza kwa mwini wake, monga mwa mwambo.

"Zikomo," anatero.

Leandro anakulira konkuno, ndipo anamva tanthauzo lake.

Mphika wa churo ndi chikwama cha zovala za Leandro, Vanina anazisiya kwa mlonda wa pamalo oimikapo makalavani. Analumikiza kalavani yekha, naibweza cham'mbuyo osagunda kanthu. Atafika pamalo omwetsera mafuta kunja kwa mzinda anaima, nadula ndi mano ulusi uja wa pachikho chake, n'kuthira madzi otentha m'chikho. Pabenchi panali dalaivala wa lole, bambo wachikulire, akudya buledi wouma.

"Abambo," anatero Vanina, akumupatsa chikhocho, "landirani."